Laputopu yolimba ndi yomwe ingakonzedwe ku Karonga konkuno

Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu wa m'chigawo cha kumpoto anayankhula pa boma la Karonga, pa msonkhano wa aphunzitsi, atolankhani a mawayilesi a m'madera ndi alembi a magulu a alimi a mpunga. Tawasindikiza monga momwe anayankhulira, kupatula apo ndi apo pomwe tadula kaamba ka malo.



Poyamba ndipepese kuti ndiyankhula m'Chichewa pamalo pomwe ambiri a inu mukanakonda Kyangonde kapena Chitumbuka. Kyangonde changa n'chogulira mpunga ndi usipa basi, ndipo ndikati ndifotokozere nkhani ya makina m'chiyankhulo chimenecho mungatuluke muno mutagula wailesi m'malo mwa kompyuta.

Mwandiitana kuti ndiyankhe funso lomwe ambiri mwakhala mukundifunsa m'njira: kodi munthu wofuna laputopu yoti ikhalitse, yoti aikemo Linux, agule iti? Ine si injiniya. Ku yunivesite ndinachokako m'chaka chachitatu fizi itavuta, ndipo digiri yokha yomwe ndili nayo pa nkhaniyi ndi yoti ndinapusitsidwapo kamodzi, kupusitsidwa kwake kowawa.

Polowa ku yunivesiteko amalume anga anagulitsa ng'ombe n'kundigulira laputopu yatsopano, ya m'katoni, yonyezimira, yopyapyala ngati kope. Ndikaitsekula m'kalasi anthu amacheuka. Chaka chisanathe mahinjesi anayamba kulira, kenaka mbali imodzi inazuka pamodzi ndi pulasitiki yomwe inamangidwapo. Ndinkaigwiriza ndi buku kumbuyo. Nditayamba ntchito ya utolankhani kuno, mwezi wina wa Novembala inayamba kuzima yokha masana, mpaka tsiku lina inazimiratu. Ndinapita nayo ku Mzuzu kwa mnyamata wodziwa ntchito yake. Anavutika nayo kuti aitsekule chifukwa inali yomata, ndipo atasuzumira anandiyang'ana mwachisoni. Zonse za m'katimo, malo osungira zolemba omwe, zinali zowotcherera pa bolodi limodzi. Bolodi litapsa, zonse zinapita. Munali mawu a alimi oposa khumi omwe ndinawajambula madzi atasefukira m'minda yawo, anthu omwe ena anayenda mtunda wautali kudzandifotokozera mavuto awo. Nkhani ija sinatuluke. Akulu akamati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ine ndimaona laputopu imene ija.

Tsono zomwe ndinene lero zikuchokera pamenepo. Palibe makina osawonongeka. Funso loyenera kufunsa m'sitolo ndi lakuti: akawonongeka, kodi mnyamata wa pa msika wa Karonga kapena wa ku Mzuzu angawatsekule ndi sikuludiraiva wamba n'kusintha chomwe chafa?

Ndifotokoze kaye za Linux, poti ena mwangoimva dzina. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa zina zonse. Ambirife tinazolowera Windows ya kampani ya Microsoft. Windows n'njogula, ndipo momwe inalembedwera m'kati mwake n'chinsinsi cha eni ake. Linux inayamba mu 1991 ndi wophunzira wa ku Helsinki m'dziko la Finland, dzina lake Linus Torvalds, ndipo inalumikizana ndi ntchito ya GNU yomwe Richard Stallman anaiyamba ku America mu 1983. Lamulo lake ndi lakuti aliyense angaitenge, angawerenge momwe inalembedwera, angaisinthe, ndiponso angagawireko mnzake popanda kupempha chilolezo. Anthu osiyanasiyana amaikonza m'mitundu yawoyawo. Mtundu wotchuka kwambiri ndi Ubuntu, womwe unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Ine ndimagwiritsa ntchito wina wotchedwa Linux Mint, womwe unamangidwa pa Ubuntu yemweyo, chifukwa maonekedwe ake sasokoneza munthu wochokera ku Windows.

Nanga bwanji nkhaniyi yakula tsopano? Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira, kutanthauza kuti zigamba zotseka mipata yolowera akuba sizibweranso mwaulere kwa onse monga kale. Windows 11 yomwe inalowa m'malo mwake imakana makina ambiri akale: imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa makina a Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo. Choncho makampani, mabanki ndi masukulu a ku Ulaya ndi ku America akhala akutulutsa malaputopu abwinobwino, osati chifukwa afa, koma chifukwa Windows yatsopano yawakana. Ambiri a iwo amathera m'misika ngati Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo ena amatsika pa Songwe m'zikwama za abale athu ochita geni. Kwa munthu wa Windows makina amenewa ndi nkhalamba. Kwa munthu wa Linux akadali ndi zaka zambiri za ntchito. Ife tili pa chipata chomwe katunduyu amalowera, ndiye tiyenera kudziwa kusankha kuposa a ku Lilongwe.

Koma tisanatchule maina a makina, tiwerenge adani awo kuno kwathu, chifukwa amene anawapanga sankaganiza za Karonga.

Kutentha mukukumva nokha m'chipinda chino. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa apo. Laputopu imadziziziritsa ndi kafani komwe kamakoka mpweya pansi n'kuutulutsa m'mbali. Mpweya womwe kakukoka ukakhala wotentha kale, komanso wodzaza fumbi ndi mchenga wa kunyanja, pakapita miyezi fumbilo limaumbika ngati bulangete pa zitsulo zotulutsira moto. Makina amayamba kuchedwa, kenaka kuzima okha. Kuchotsa fumbilo ndi ntchito ya mphindi makumi awiri ngati chivundikiro cha pansi chimatsekuka ndi masikuluwu. Ngati n'chomata, ndi ulendo wa ku Mzuzu.

Mdani wina ndi magetsi. Pafupifupi magetsi onse a m'madzi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ife tili kumapeto kwenikweni kwa chingwe. Wovwe wathu amapanga mamegawati 4.5 okha. Mukukumbukira momwe zinalili namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuthima kwa magetsi kumapha ntchito, koma chomwe chimapha makina ndi kubwera kwake, pamene abwera mwamphamvu, ndiponso ziphaliwali za m'dzinja.

Wachitatu ndi msewu. Laputopu ya mtolankhani kapena mlembi wa gulu imakwera njinga ya kago, imapanikizidwa m'minibasi ya ku Chilumba, imagwedezeka pa mapiri a Chiweta.

Pali anthu amene anaganizirapo za adani amenewa kale ife tisanayambe. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe chomwe tsopano ndi Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anafuna kuika makompyuta olembera odwala. Sanagule makina apamwamba. Anatenga timakina ta ku America totchedwa I-Opener, tomwe eni ake anali atasiya kupanga, n'kutiika sikirini yogwira ndi chala ndi mapulogalamu otsekuka kwa aliyense. Timakinato tinkadya magetsi ochepa kwambiri moti tinkayenda ndi mabatire magetsi akathima, ndipo anyamata a konkuno anaphunzira kutikonza. Ntchito imeneyo ndi yomwe inakula n'kufika m'zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo. Anasankha makina poyang'ana Malawi, osati poyang'ana katoni.

Tsono tibwere ku maina. Makampani opanga malaputopu ali ndi mizere iwiri. Pali makina opangira munthu wamba wogula imodzi m'sitolo, omwe amakongoletsedwa kunja n'kuchepetsedwa m'kati. Palinso makina opangira maofesi ogula mazanamazana nthawi imodzi, omwe ali ndi amisiri awoawo ofuna kutsekula, kusintha chipangizo n'kubwezera wantchito tsiku lomwelo. Kwa Lenovo mzere wa maofesiwu ndi ThinkPad, makamaka ya chilembo T. Kwa Dell ndi Latitude. Kwa HP ndi EliteBook. Langizo langa ndi lakuti ndalama zomwe mungagulire laputopu yatsopano ya mzere woyamba, mugulire ya kaunjika ya mzere wachiwiri. Ndikudziwa kuti mawu oti kaunjika ena akuwamva ngati chipongwe, makamaka a komiti amene akufuna kukaonetsa katoni kwa mamembala. Koma jekete labwino la pa kaunjika tonse tikudziwa kuti limakwirira majekete atatu atsopano a mtengo womwewo.

Ine mtima wanga uli pa ThinkPad, ndipo ndinene chifukwa chake kuti mundiweruze nokha. Makinawa anayamba ndi IBM mu 1992, Lenovo n'kugula mzerewo mu 2005. Ndi akuda, osakongola, ndipo palibe amene adzacheuke mukawatsekula. Mahinjesi ake ndi achitsulo. Kiyibodi yake inapangidwa moti madzi pang'ono akatayikira salowa msanga ku bolodi, ndipo ikafa imachoka yokha n'kuikapo ina. Chachikulu n'chakuti kampaniyo imaika pa intaneti mwaulere buku la amisiri la mtundu uliwonse, lomwe lili ndi zithunzi zosonyeza sikuluwu iliyonse. Komanso anthu ambiri amene amalemba Linux amagwiritsa ntchito makina amenewa, ndiye vuto likapezeka limakonzedwa msanga.

Mtundu womwe ndili nawo pa tebulo pano ndi T480 ya 2018. Ili ndi malo awiri obayira RAM, kotero mutha kuyamba ndi 8GB n'kudzawonjezera mpunga ukagulidwa. Ili ndi mabatire awiri, lina la m'kati, lina la kunja lomwe limachoka ndi dzanja makina ali chiyakire. Munthu wokhala ndi batire lakunja lapadera amadutsa tsiku lonse la mdima akugwira ntchito. Mtundu womwe unabwera pambuyo pake, T490, unasiya batire lakunjali ndipo mbali ina ya RAM inawotchereredwa pa bolodi. Choncho musaganize kuti nambala yaikulu ndiye ubwino.

Koma T480 ili ndi chilema chake. Imatchajidwa kudzera pa kabowo kakang'ono ka USB-C komwe n'kowotcherera pa bolodi, ndipo mwana akakoka chingwe kangapo kabowoko kamagwedera. Komanso popeza imalandira Windows 11, ogulitsa amaikweza mtengo. Apa ndi pomwe munthu wa Linux amapezera mwayi. Mkulu wake, T470 ya 2017, Windows 11 imaikana, ndiye mtengo wake uyenera kutsika. Koma nayonso ili ndi mabatire awiri ndi malo awiri a RAM, ndipo ili ndi bowo la tchaja lalikulu la makona anayi lomwe n'lolimba. Mphamvu yake n'njocheperapo, inde. Kwa mphunzitsi wolemba mayeso ndi mlembi wowerengera matumba a Kilombero n'njokwanira ndithu. Amene mumadula mawu a pa wailesi tsiku ndi tsiku kapena mavidiyo, limbikirani pa T480. Mukasowa ThinkPad, Latitude 5480 kapena 5490 ndi EliteBook 840 za zaka zomwezo n'zabwinonso, ndipo mabatire ndi matchaja a Dell ndi HP savuta kupeza.

Chenjerani ndi mawu oti Core i7. Wogulitsa adzakuuzani monyadira kuti iyi ndi i7, bwana. Funsani nambala yonse. Ikakhala i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko, 8, ndiye m'badwo wake. Purosesa ya i7 ya m'badwo wa 2, ya mu 2011, imagonja kutalitali kwa i5 ya m'badwo wa 8. Anthu ambiri agulitsidwa agogo povekedwa dzina la i7.

Zomwe muyenera kuzithawa ndizinena mwachidule. Laputopu yatsopano yotchipa yolembedwa Celeron, RAM ya 4GB ndi malo osungira a 64GB otchedwa eMMC, imeneyo ndi ija ya amalume anga. Chromebook ndi MacBook zimatheka kuikamo Linux koma ndi ntchito ya akatswiri, ndipo zipangizo zake kuno n'zosowa. Makina a masewera okhala ndi khadi la zithunzi la NVIDIA amatentha, amadya batire, ndipo amafuna chisamaliro chapadera pa Linux. Pomaliza, musalole diski yakale yozungulira. Ili ndi kambale ndi kasingano m'kati ngati galamafoni, ndipo bampu imodzi ya pa kago ingathe kuipha. Funani SSD, yomwe ilibe chozungulira, ingakhale ya 256GB yokha.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna mulembe, chifukwa ndi lomwe lidzapulumutse ndalama zanu. Linux ili ndi khalidwe lomwe limathandiza wogula: itha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kuikidwa m'makina ndiponso popanda kufufuta kanthu. Ndiye popita kukagula, kaya ndi ku Mzuzu, ku Kyela, ku Mbeya kapena kwa mnzanu amene wabwera nayo pa Songwe, tengani fulashi ya 8GB yomwe muli Linux Mint. Wogulitsa akakana kuti muibaye, tsanzikani mwaulemu.

Musanaibaye, zimitsani makinawo n'kuwayatsanso mukudina F1 ngati ndi ThinkPad, F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP. Mulowa m'chipinda cha m'kati chotchedwa BIOS. Chikakufunsani pasiwedi yomwe wogulitsayo saidziwa, musagule, ngakhale atsitse mtengo ndi theka. Ndi loko wa ofesi yomwe inali ndi makinawo, ndipo pa ThinkPad kampani yeniyeniyo imati mankhwala ake ndi kusintha bolodi lonse. Mwinanso makinawo ndi obedwa. M'chipinda chomwecho muona nambala yeniyeni ya purosesa ndi kuchuluka kwa RAM, zomwe kapepala komata pamwamba kangathe kunama.

Mukatero yatsaninso mukudina F12, kapena F9 pa HP, musankhe fulashi yanu. Linux ikatsekuka yesani Wi-Fi ndi intaneti ya pa foni yanu. Ikagwira pomwepo, ndiye kuti kachipangizo kake kamamvana ndi Linux. Ka Intel sikavuta, pomwe ka Broadcom kaliritsa anthu ambiri. Lizani nyimbo. Yang'anani nkhope yanu pa kamera. Tsekulani polembera mudinde batani lililonse, limodzilimodzi, osachita manyazi ndi anthu amene akudikira. Bayani fulashi ina m'bowo lililonse. Gwedezani chingwe cha tchaja pang'ono muone ngati ikusiya kutchaja. Tsekani chivundikiro, dikirani pang'ono, tsekulani muone ngati makina adzuka. Pali pulogalamu yotchedwa Disks yomwe imanena za umoyo wa SSD, ndipo Linux ingakuuzeninso mphamvu yomwe batire linali nayo lili latsopano ndi yomwe latsala nayo. Likatsala ndi theka, mtengo wa batire latsopano uchoke pa mtengo wa makina. Mukaona malo oyendetsera chala atatukuka kapena chivundikiro cha pansi chitatupa, batire la m'kati lafufuma, ndipo limenelo lingayake moto.

Kenaka lizani vidiyo kwa mphindi khumi ndi zisanu mutaika dzanja potulukira mpweya. Mpweya wotentha ukamatuluka mwamphamvu, zili bwino. Fani ikamalira koma mpweya osatuluka, m'kati muli bulangete lija. Zonsezi zimatenga theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mitengo sinditchula, chifukwa kwacha yomwe inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 yandiphunzitsa kuti mtengo wonenedwa pa msonkhano umakalamba msanga kuposa nyuzipepala. Ndingoti musathere ndalama zonse pa makina. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu la batire, tchaja yeniyeni, kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu ndi diski yapadera yosungirako zolemba. Ndipo tengani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo, ikuthandizani pa chipata ndiponso tsiku lomwe adzabedwe.

Mukafika nayo kunyumba, musaiike pa matiresi kapena pa chitenje, mukuitseka mphuno. Ikani pa thabwa, kumbuyo kutakwera pang'ono. Magetsi akathima zulani tchaja, muibwezere atabwera n'kukhazikika. Fumbi lichotsedwe kamodzi pa chaka, mwezi wa Seputembala kutentha kusanafike. Batire la mtundu uwu limakalamba msanga likamakhala lodzaza pa malo otentha, ndipo pa ThinkPad Linux imalola kuliuza kuti lizilekera pa 80 peresenti. Koma masiku omwe magetsi akuvuta, lidzazeni, chifukwa batire linapangidwira inu. Amene muli ndi sola, musavutike ndi inveta yomwe imataya mphamvu posandutsa magetsi kawiri. Pali matchaja a m'galimoto omwe amatenga mavoti 12 kuchokera ku batire la sola n'kupereka ku laputopu mwachindunji. Muonetsetse kuti ndi ya mawati 65.

Atolankhani anzanga, pali chinthu chimodzi chanu. Poika Linux m'makina, imafunsa ngati mukufuna kukhoma diski yonse ndi mawu achinsinsi. Vomerani. Makolo athu amene muli muno, ena munali kuno, ena munali ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, mukukumbukira bwino kuposa ine kuti kalata ya maepiskopi itawerengedwa pa 8 Malichi 1992, ambiri mwa anthu amene anamangidwa m'miyezi yotsatira anali ogwira ntchito m'maofesi momwe munali fakisi, fotokope ndi kompyuta. Ine ndinali ndisanabadwe. Koma mu Epulo 2022 ndinali pa ntchito pamene apolisi ku Blantyre anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kutenga makompyuta ndi foni, pofuna kudziwa yemwe anamupatsa chikalata. M'laputopu ya mtolankhani mumakhala maina a anthu amene anamukhulupirira, ndipo wakuba wa pa depoti nayenso angawawerenge ngati diski ili yosakhoma. Koma dziwani kuti mukaiwala mawu achinsinsiwo, palibe mmisiri wa ku Mzuzu kapena ku Helsinki amene adzakutsekulireni.

N'chifukwa chake diski yapadera ija ndi yofunika kuposa laputopu yeniyeniyo. Ku Chilumba kuno kuli kafukufuku wa zaumoyo yemwe anayamba mu 1979 pa matenda a khate ndipo akupitirirabe pansi pa dzina la MEIRU. Pa zaka zoposa 40 zimenezo makompyuta asintha kambirimbiri, koma zolemba za anthu a m'boma lino zasungika ndipo madokotala a dziko lonse lapansi aphunzirapo za khate, chifuwa chachikulu ndi Edzi. Ine ndinalephera kusunga mawu a alimi khumi kwa chaka chimodzi. Koperani ntchito yanu Loweruka lililonse, ndipo diskiyo isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Ndisakunamizeni kuti Linux ilibe minga. Simupezamo Word ndi Excel. Mupezamo LibreOffice, yomwe imatsekula ndi kusunga zolemba za mtundu womwewo, koma fomu yokongoletsedwa kwambiri yochokera ku likulu nthawi zina imasokonekera mizere. Potumiza chinthu chomwe sichifunika kusinthidwa, chisandutseni PDF. Ngati ofesi yanu ili ndi pulogalamu ya maakaunti kapena yokonzera masamba yomwe imayenda pa Windows pokha, funsani kaye musanafufute kanthu. Mapulinta ena amagwira mukangobaya, ena amakana, ndiye nyamulani laputopuyo mukaiyese pa pulinta ya ku ofesi. Masabata awiri oyamba mudzanditukwana mumtima.

Koma taonaninso mbali inayi. Ambirife, tinene zoona, Windows yomwe tili nayo ndi yothyola, yoikidwa ndi mnyamata wina pamodzi ndi tizilombo take. Nonse mukuidziwa vayirasi ija ya m'malo osindikizira zikalata yomwe imabisa mafayilo pa fulashi n'kusiya zithunzi zake zokha. Pa Linux imeneyo siyenda, ndipo mafayilo obisikawo mumawaona n'kuwapulumutsa, ngakhale mutha kuinyamulabe pa fulashi n'kukapatsira mnzanu wa Windows. A pa wailesi mupezamo Audacity yodulira mawu, yomwe ena mukuigwiritsa kale ntchito. Aphunzitsi mutha kuikamo Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia m'makina kuti ana awerenge popanda bandulo. Linux Mint 22 yomwe inatuluka mu 2024 idzalandira zigamba zake mpaka 2029, kwaulere. Kuitenga pa intaneti kumadya pafupifupi 3GB, koma munthu mmodzi akaitenga, boma lonse la Karonga lingakopere kwa iye, ndipo palibe lamulo lomwe laswedwa.

Ndipo pali kanthu kena kakang'ono komwe kanandisangalatsa. Mukasankha batani limodzi kuti likhale lophatikizira zilembo, lomwe amalitcha Compose, n'kudina kadenga kaja kenaka w, mumapeza ŵ. Amene mumalemba nkhani m'Chitumbuka simudzavutikanso kusaka chilembo chimenechi polemba ŵanthu, ndipo dzina la dziko lathu mutha kulilemba momwe limatchulidwira.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndabwera ndi mafulashi anayi ndi sikuludiraiva. Amene mwabwera ndi malaputopu anu, ngakhale aja munawataya mtima, tikumane pa tebulo la kumbuyoko tiwayese limodzi magetsi akadalipo. Sindifufuta kanthu lero. Bambo amene munandionetsa ija yotupa pansi m'mawa uja, chonde musaibaye pa soketi. Tiyamba taichotsa batire panja, pamthunzi.